Mbale ya apongozi

Zimene mwana anaulula

M'nyengo yozizira ya 2022 apongozi anga aamuna anabwera kudzakhala nafe ku Area 23, kuchokera kwawo ku Linthipe. Anali atadwala kwa kanthawi, ndipo mwana wawo anati asakhale okha kumudzi mpaka thupi litabwerera. Chinali chaka chija namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, magetsi akumabwera pakati pa usiku anthu tili m'tulo. Hotipuleti inangokhala pamwamba pa kabati, tonse tinabwerera ku mbaula.

Mukudziwa mmene zimakhalira ndi apongozi. Umaphika, umapereka madzi osamba m'manja, umaika chakudya patebulo, n'kuchoka. Sungakhale pamenepo kumawayang'ana kukamwa. Ine ndinkangoona mbale zikamabwerera kukhitchini: nsima yatha theka, masamba atha, msuzi apukuta ndithu, nyama palibe. Mtima wanga unkakhala m'malo. Ndinkawagulira mnofu weniweni, wodula uja wopanda fupa, ngakhale kwacha inali itangogwa kumene ndi 25 peresenti mwezi wa Meyi ndipo chilichonse chinali chitakwera.

Anaulula ndi mwana wanga wamng'ono, osadziwa kuti akuulula. Ndikumusambitsa madzulo ena anati, "Amami, ine ndimakonda kudya ndi agogo. Nyama yawo yonse amandipatsa ine." Usiku nditawafunsa bambo ake, anakhala chete kaye, kenako anati mano a m'mbali a mdala anatha kalekale, ndipo otsala akutsogolowo akugwedera. Iwo ankaziona patebulo paja tsiku ndi tsiku, koma mdala anali atawaletsa kunena, poopa kuti ine ndingaganize kuti akunyoza kaphikidwe kanga.

Nkhani imeneyi siinachoke mumtima mwanga mpaka lero. Munthu amene anaweta ng'ombe moyo wake wonse, amene ana ake anaphunzira sukulu ndi ndalama za ng'ombe zomwezo, ankadya nsima ndi msuzi wokha m'nyumba ya mwana wake, chinunu, kuti asakhumudwitse mpongozi.

Loweruka pakhonde

Kuseri kwa nyumba yathu kumakhala mayi wina wachikulire amene kale ankaphika m'kalesitilanti ka mumsika, kaja kamene anyamata onyamula katundu amadyeramo nsima masana. Ana a mumzere wathu amawatchula agogo, ine ndimangoti amayi. Ndinawafotokozera tili pampopi. Sanadabwe n'komwe.

"Mwananga, Loweruka ulawirire kubutchala. Mnofu uusiye. Uwauze akudulire ya mwendo, ya m'munsi mwa bondo, ija ili ndi fupa pakati ndi mitsempha yoyera. Kilo imodzi. Ubweretsenso anyezi awiri ndi mulu umodzi wa tomato."

"Amayi, imeneyo si ndiye yolimbitsitsa?"

"Iwe kagule."

Anafika cha m'ma 1 koloko masana atanyamula mphika wawo, wachitsulo chokhuthala, wakuda ndi mwaye, wa chivundikiro chokwana bwino. Mphika wanga wopyapyala anangouyang'ana n'kuukankhira pambali. Mbaula anaidzaza makala, n'kuikupiza mpaka moto unalilima. Nyama ija anaitsuka, n'kuipukuta ndi kansalu koyera mpaka inauma. Anathira mafuta pang'ono, masupuni awiri sanakwane, ndipo anayamba kuika nthuli zitatu kapena zinayi pa nthawi imodzi, osazigwedeza mpaka mbali yapansi itafiira. "Ukaziunjika zonse zimatulutsa madzi," anatero, "ndiye zimayamba kuwira m'malo mokazingika." Zofiira ankazichotsa n'kuika zina.

Atamaliza, pansi pa mphika panatsala zofiirira zomatirira, zimene ambirife timathamangira kukazikwecha ndi mchenga. Iwo anaponyamo anyezi, n'kumapala ndi mthiko mpaka zonse zija zinasungunukira mu anyeziyo. Nyama inabwereramo, mchere, kenako madzi otentha a m'ketulo, ongofika pamwamba pa nthuli osazimiza. Utayamba kubwata anayengula thovu lotuwa lija ndi supuni n'kulitaya.

Apa mpamene ndinaima kukamwa kuli yasa. Anaphula mphika, natenga mbaniro, n'kuyamba kuchotsa makala oyaka mumbaula. Anachotsa oposa theka, akuwaponya m'chitini chakale cha mkaka, n'kuchivundikira kuti azime. "Amenewa ndi a mawa," anatero. Otsalawo anawawaza phulusa pamwamba, natseka kachitseko ka mphepo ka mbaula. Atatereka mphika uja, phokoso lonse linali litatha. Munkangotuluka kathovu apa, patapita kanthawi kena apo, ngati munthu wopuma ali m'tulo. Anavundikira, naika mwala pamwamba pa chivundikiro.

"Tsopano kachape zovala."

"Osasonkhezera, amayi?"

"Uzimvetsera. Ukamva ukusokosera, moto wachuluka, waza phulusa. Ukaleka kumveka n'komwe, onjezera makala awiri. Koma usamavundukule, ukavundukula kutentha kumathawa."

Ndinachapa, ndinayanika, ndinasesa, ndinathyola nkhwani n'kusadzula. Iwo anapita kwawo kukagona pang'ono. Fungo linayamba kuzungulira bwalo lonse cha m'ma 3 koloko, ndipo mpamene anabweranso kudzathira tomato. Anati ukamuika poyamba amakhala pansi n'kupserera nyama isanapse. Atathira anapendeketsa chivundikiro pang'ono kuti msuzi uphwere.

Itakwana 4 koloko ndi theka anatenga nthuli imodzi, naiika pachivundikiro, n'kuikanikiza ndi msana wa supuni. Inangogawikana. Mitsempha yoyera ija, imene ndinkaidziwa kuti imakana ngakhale mpeni, inali itasanduka yofewa ndi yonyezimira. Mafuta a m'mafupa anawakolokosa ndi kamtengo n'kuwatakasira mumsuzi. Nditalawa, msuziwo unandimata milomo.

Madzulo ndinapereka chakudya monga mwa masiku onse n'kubwerera kukhitchini. Sipanapite nthawi, mwana uja analowa nkhope ili yakugwa. "Amami, lero agogo sanandipatse." Ndisanamuyankhe ndinamva mawu kuchokera pabalaza, mawu amene chibwerereni anali asanandiitanepo pa nthawi ya chakudya.

"Amayi! Nsima ija yatsalako?"

Ndinagwada pakhomo n'kuyankha kuti ikubwera. Inali itatha. Ndinatereka kamphika kena usiku womwewo, misozi ikulengeza, ndikuvundula nsima ya munthu mmodzi. Mbale itabwerera munali mafupa okhaokha, oyera.

Chimachitika n'chiyani mumphikamo

Mnzanga wina amene amaphunzitsa sayansi ku sekondale ndi amene anandimasulira zimene amayi aja ankazidziwa ndi manja. Mitsempha yoyera ija amati kolajeni. Imachuluka m'ziwalo zimene nyama imagwiritsa ntchito kwambiri: miyendo, khosi, mchira, chifuwa. Ng'ombe zathu zambiri ndi zija za linunda, za mtundu wa Malawi Zebu, zoyenda mitunda kufuna msipu ndi madzi, zina zimafika kubutchala zitakoka ngolo zaka zambiri. N'chifukwa chake nyama yake imalimba.

Kolajeni akakhala m'madzi otentha kuyambira cha m'ma digiri 70 kupita m'mwamba, amasungunuka pang'onopang'ono n'kusanduka jelatini. Ndi amene amamata milomo uja, ndi amenenso amachititsa kuti msuzi ukazizira ugwirane. Kusungunukako kumafuna maola, ndipo makala sangakufulumizitse, chifukwa madzi a mumphika wamba sapitirira pamene amawirira. M'mbali mwa nyanja yamchere amawira pa madigiri 100. Kuno ku Lilongwe, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050, amawira cha m'ma 96 kapena 97, ndipo ku Dedza, kumene ndi kokwera koposa, pafupifupi 95. Ukakoleza chimoto, madzi amangosanduka nthunzi msanga. Umathiramo ena ozizira, msuzi n'kusukuluka, makala n'kutha, nyama ikadali pomwepaja.

Mnofu wodula uja uli ndi kolajeni wochepa. Ukauwiritsa nthawi yaitali umangofinyika madzi n'kuuma, kumatsala zingwezingwe zolowa m'mano. Malo ake ndi pa chiwaya kapena pamakala, mphindi zochepa. Ya mumphika ndi ya mwendo, nthiti, khosi ndi mchira. M'mabutchala ambiri a m'makwalala amangodula mosakaniza, choncho ine ndimaloza ndi chala pamene ndikufuna, ndipo sindichita nazo manyazi.

Nkhuku ya lokolo

Nkhuku zoyera zija zimaphedwa zili ndi milungu pafupifupi 6. Sizinayendepo, sizinapalasepo, minofu yake ndi yanthete. Zimapsa m'mphindi 30 kapena 40, ndipo ukazisiya pamoto kupitirira apo zimangosasuka n'kutha kukoma. Sindizinyoza ayi, zapulumutsa mabanja ambiri Lachitatu madzulo. Koma amene akuti nkhuku yoyera ndi ya lokolo n'zofanana, amangofuna kukangana.

Ya lokolo yakhala miyezi yambiri ikuthamanga pabwalo ndi kukwera m'mitengo. Chimodzimodzi zakuda za Mikolongwe, za mtundu wa Black Australorp, zimene boma lakhala likuweta ku Chiradzulu n'kumagulitsa kwa alimi. Zolimbitsitsa ndi zoikira mazira zimene zakalamba, zija amagulitsa motsika mtengo zikasiya kuikira. Zimenezo zimafuna nthawi yochuluka kuposa zonse, koma msuzi wake ndi wosaiwalika. Pogula yamoyo, kaya ku Mitundu kaya kwa anyamata a njinga, ndimayang'ana maso owala ndi khosi loimika. Yozyolika ndimaisiya ngakhale itchipe bwanji, makamaka m'miyezi yotentha pamene chitopa chimavuta.

Kaphikidwe kake, mmene amayi aja anandionetsera tsiku lina, n'kotembenuza ka ng'ombe: imayamba kuwira, kukazinga kumabwera pambuyo. Ukasosola, iwaule pamoto kuti tiubweya tipse ndipo khungu ligwire kafungo ka utsi. Idule m'mfundo, osaphwanya mafupa, kuti tizidutswa tisabalalike mumsuzi. Ikani mumphika ndi mchere ndi madzi ofika theka la nyamayo. Ikabwata, chepetsani moto monga muja, vundikirani, ora limodzi ndi theka kapena maola awiri, malinga ndi msinkhu wake. Nganga ndimaiika pamwamba pa zinzake, chifukwa ndi imene imauma msanga.

Madzi akaphwera mudzaona mafuta achikasu atatsala pansi, a nkhuku yomweyo. Ikazingeni m'menemo mpaka ifiire. Ngati inali yowonda onjezerani supuni imodzi ya mafuta ophikira. Kenako anyezi, tomato, kapu imodzi ya madzi otentha, ndi mphindi zina 20 pamoto wochepa. Zokometsera za m'mapaketi sindiikamo, zimaphimba fungo limene ndalipirira ndalama zambiri. Kambuzi mmodzi wathunthu, wosaboola, amakwanira. Masiku ena ndimasungunula masupuni atatu a nsinjiro m'madzi n'kuthira kumapeto, koma pamenepo suchokapo, nsinjiro zimapserera msanga.

Nthutumba, tonse tikudziwa, iyenera kupezeka m'mbale ya wamkulu kapena mlendo, apo ayi pamakhala mafunso. Koma ndi chiwalo cholimba kuposa zonse. Amayi aja anati iziyamba kulowa mumphika, pansi penipeni, ndipo popakula uziichekacheka mopyapyala osaidula kotheratu, kuti ifike patebulo ikuonekabe yathunthu koma munthu athe kuinyema ndi zala.

Nanga makala?

Funso limeneli ndi loyamba kwa aliyense amene ndamufotokozera: maola atatu, thumba la makala mmene ladulira? Ine ndaona kuti chitini chimodzimodzi chimene chinkathera pa ora limodzi la chimoto chimandifikitsa kumapeto, n'kutsalako ozimitsa aja. Moto wokwiriridwa ndi phulusa umadya makala pang'onopang'ono.

Nkhani ya makala imandikhudza pa chifukwa chinanso. Ambiri mwa amene timagula mu Lilongwe amatsika panjinga kuchokera kunkhalango ya Dzalanyama, ndipo kumeneko n'kumene mtsinje wa Lilongwe umayambira, womwe umadzaza madamu a Kamuzu. Madzi amene ndimathira mumphika ndi makala amene ali pansi pake zimachokera kumalo amodzi, ndipo chimodzi chikamachuluka chinzake chimachepa. Lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, koma mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'dziko muno amaphikabe ndi nkhuni kapena makala. Sindingauze mayi mnzanga kuti asiye, poti inenso sindinasiye. Chimene ndingathe ndi kuchepetsa.

Njira imene yandithandiza koposa ndi ya bulangete. Nyama ikakazingidwa n'kuwira bwinobwino kwa mphindi 30, ndimaphula osavundukula, n'kuukulunga mphikawo m'bulangete lakale, pansi ndi pamwamba pomwe, n'kuuika m'dengu. Umapitiriza kupsa wokha maola atatu kapena anayi popanda khala ngakhale limodzi. Ku South Africa anachita kusoka chikwama cha ntchito imeneyi, chotchedwa Wonderbag, chimene chinayamba mu 2008, koma bulangete ndi dengu zimagwira. Mphika uzikhala wodzadza ndithu, chifukwa wochepa zinthu umazizira msanga. Chakudya chikatsika pansi pa madigiri 60 tizilombo timayamba kuswana, choncho ndikamasula ndimauterekanso kuti ubwate ndisanapakule, ndipo sindiusiya m'bulangete usiku wonse. Amene muli ndi mbaula yadothi ya Chitetezo muli ndi mwayi, dothi limasunga kutentha, ndipo tinkhuni tiwiri kapena zitsononkho zimakwanira kuti mphika uzingopuma.

Madzulo ano kuli chiyani?

Ku banki m'khonde yathu, ndalama zikawerengedwa ndipo buku latsekedwa, palibe amene amanyamuka msanga. Wina amangofunsa kuti, "Amayi, madzulo ano kwanu kuli chiyani?" ndipo nkhani imayambira pomwepo. Chigwereninso kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, palibe pakati pathu amene amadya nyama tsiku lililonse. Masiku ambiri ndi usipa, mazira, nyemba, nkhwani wotendera, bonya ndi chayinizi. Nzeru zimene timagawana n'zoti kilo imodzi ija ifike patali.

Apa mpamene nyama yophika pang'onopang'ono imapambana, chifukwa msuzi wake ndi ndiwo paokha. Ndikaphika Lamulungu masana, tsikulo timadya nthuli ndi nsima. Msuzi ndimaupatula theka. Lolemba ndikaweruka ndimaduliramo mbatatesi za ku Tsangano ndi kabichi, mphindi 20 chakudya chapsa. Mayi wina wa ku Karonga anatiphunzitsa mbalagha: nthochi zaziwisi zosenda, kuziika mumphika wa nyama kutatsala theka la ora, kuti zimwe msuzi n'kuukhuthalitsa. Ana anga, amene nthochi yophika ankaikana, amapempha okha. Winanso amaviika soya pisi mumsuzi wa mafupa m'malo mwa madzi, ndipo fungo lija limene amuna ambiri amadandaula nalo limatha. Wina amaphikira mpunga wa Kilombero m'madzi a nkhuku ya lokolo, n'kuupereka ndi mpiru wokazinga basi. Nyemba zimene waponyamo fupa limodzi la mwendo kuyambira pachiyambi sizifunanso mafuta.

Zonsezi zimatheka ngati pali firiji imene ikuyenda. Ngati palibe, kapena magetsi akuzimazima, ndi bwino kugula theka la kilo n'kuthera tsiku lomwelo, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene ndiwo zimasasa pa maola ochepa.

Chimene ndimawauza amayi anzanga a pantchito n'choti maola atatu aja ndi a mphika. Manja ako amagwira ntchito mphindi 20 poyamba ndi 10 kumapeto. Pakatipo ungachape, ungachonge mabuku a ana, ungapite kukwaya n'kusiya mwana wamkulu akumvetsera.

Pamene sitigwirizana

Pali zinthu zimene pagulu pathu timatsutsana mpaka mawu kukwera. Ena amathira soda kuti nyama ifewe msanga. Imafewadi kunja kwake, koma imatereratu, ndipo msuzi umamveka sopo. Soda ndi wa therere, ine pamenepo sindisuntha. Ena amakulunga nyama yaiwisi m'masamba a papaya, kapena kuponyamo kachidutswa ka papaya laliwisi. Imeneyo ndi nzeru yakale ndipo ili ndi maziko, utomoni wa papaya umaduladi minofu. Vuto lake umagwira kunja kokha, ndipo ukachulutsa nyama imasanduka phala pamwamba m'kati ikadali yolimba.

Mkangano waukulu ndi wa mphika wa pulesha. Umatsekera nthunzi m'kati, madzi n'kufika pafupifupi madigiri 120, ndipo nyama ya maola atatu imapsa m'mphindi 40 kapena 50. Amene ali ndi gasi amaulumbirira, ndipo pa nkhani yopulumutsa moto akunena zoona. Kwa ine msuzi wake umatuluka wamadzimadzi, chifukwa sunapeze mpata wophwera, ndipo nkhuku ya lokolo imachoka m'mafupa isanalowerere mchere. Amayi aja a kuseri safuna n'kuuyandikira komwe, amati umalira moopsa.

Pa mang'ina pokha mpamene ndimagonja. Pambaula amafuna maola asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo ngakhale moto wa phulusa pamenepo umatha makala. Ndimabwereka mphika wa pulesha kwa mnzanga wa mumzere wachitatu, ndimawawaula ndi kuwapala bwino, n'kuwaphika ora limodzi ndi theka ndi mchere, adyo ndi jinja. Nthunzi ikatha yokha ndimawakhuthulira mumphika wamba, n'kuthira anyezi ndi tomato, kuti amalizikire pambaula osavundikira mpaka msuzi utagwira supuni. Pobweza mphikawo ndimaikamo mang'ina awiri a mwini wake.